Andisumira kwa ankhoswe chifukwa cha giza

Aphungu,

Ndatopa, ndiye ndingolunjika. Ndili pabanja ndi a Gibson chaka chachitatu, ndipo ndimagulitsa m'sitolo ya mbewu pa Golomoti. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzuka m'bandakucha kukoleza mbaula, kuwaphitsira madzi, kukawaikira kubafa, monga anandilangizira anankungwi. Kuno kotentha chonchi, koma bambowa madzi ozizira ayi, akuti amawaphwanya m'thupi.

Mu Juni ndinagula kagiza kopanda thanki, kaja komangirira pashawa, ukangotsegula mpopi madzi n'kutuluka otentha. Anatilumikizira ndi msuweni wanga Joe, wokonza mawailesi pamsika. Ndinati Mulungu wandikumbuka.

A Gibson anasambako kawiri basi. Akuti, "Mpopiwu ukuluma." Ine ndinati, "Wamera mano liti? Bwanji ine sundiluma?" Daily ndimalowamo ndi masilipasi anga n'kutuluka bwinobwino. Iwo amalowa kuphazi kulibe kanthu ngati ali kudambo, kenako n'kumanamizira mpopi.

Chandiwawa n'chakuti anakasuma kwa amalume awo a Kaliati, ankhoswe athu, kuti ndasiya kuwaikira madzi, ulemu watha. Mlamu wanga Maness wafalitsa kale kwawo ku Mtakataka konse kuti, "Achimwene akusambitsidwa ndi waya, mkazi ali chigonere." Loweruka ankhoswe akubwera. Akuti ndichotse giza, apo ayi ndikapume kaye kwa amayi.

Sabata yachiwiri ino m'nyumba timangofunsana makiyi. Ndigonje? Koma za kukhululuka, Aphungu, sindinama, sizili pafupi.

T.O., Golomoti

Mayi T.O.,

Za ankhoswe zidikire kaye. Kazimitseni gizayo lero, ndipo asayatsenso munthu, ngakhale inuyo.

Amuna anu sakunama. Mpopi ukamaluma ndiye kuti magetsi akuthawira m'chitsulo ndi m'madzi, nthawi zambiri chifukwa waya wopita pansi sanaikidwe kapena sanagwire. Inu akhala akukutchinjirizani ndi masilipasiwo, ndipo tsiku lina sadzakwanira.

Itanani katswiri wa zamagetsi wa chiphaso. Joe abwerere ku mawailesi ake. Giza yotere imakoka moto wambiri, choncho imafuna waya wakewake wonenepa kuchokera pabokosi la magetsi, swichi yake kunja kwa bafa, waya wopita pansi, komanso kachipangizo kodula magetsi kokha akayamba kuthawa. Katswiriyo ayeze a Gibson akuona. Akati siingakonzeke, ichotseni osadikira a Kaliati.

Tsopano za m'nyumba. A Gibson analakwa kukutengerani kubwalo, zimenezo muwauze. Koma anayamba kuuza inu, ndipo munawafunsa za mano. Mwamuna akasekedwa kamodzi sanenanso kuti akuopa, amakasaka mlandu wina woti anthu amumvere. Pepesani pa kusekako, iwonso apepese pa kusumako, Loweruka lisanafike.

Kwa ankhoswe musakaonetse sukulu. Mukanene modekha kuti mumagwira ntchito, thupi limatopa, ndipo ulemu sukhala m'mbaula. Giza ikakonzedwa, kuwaikira sopo ndi thaulo n'kuwaitana kuti akasambe sikudzakuthyolani msana. Maness musiyeni, pakamwa pake sipalumikiza waya.

Mkwiyowo sungani ngati mukuufunabe, koma swichi ikhale yozima. Mwamuna wamoyo mungamukhululukire chaka chamawa. Mukadzamupeza ali gone pansi m'bafamo, wofunika kumukhululukira adzakhala inuyo, ndipo mwanena nokha kuti kukhululuka kumakuvutani.

Aphungu