Foni Inakana Tsiku la Njoka

Okondedwa alongo anga,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Zemba tilipo, koma mtima wanga sunakhazikike.

Lachiwiri masana mwana wanga Tisa analumidwa ndi njoka m'munda wa nshawa. Ndinatenga foni yodula munanditumizira ija kuti ndiitane wanjinga yamoto, koma inakana. Kuyambira pamene anyamata a ku boma anasintha mapulogalamu ake, imangokoka netiweki ya ku Mozambique. Ndinakwera pachulu kufunafuna netiweki yakwathu, kwinaku mwendo wa mwana ukutupa.

"Amama, ndifa kodi?" anandifunsa.

APhiri oyandikana nafe ndiwo anaimbira wanjinga yamoto pa kafoni kawo kamabatani, mpaka tinafika kuchipatala. Tisa akuchira, koma ine kumunda ndikuopa kupita.

Chonde nditumizireni kamabatani, yodulayi mudzaitenge. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esnati