Khutu la Gitala ya Damiano

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndine Rozaliya. Ndili ndi nkhani yoti ndikapanda kukuuzani ndiphulika nayo, koma ndiyambe ndi za pakhomo, mungati mwana ameneyu ulemu anausiya kuti.

Pathupi paja munandisiya napo ndinachira bwino. Ndi wamkazi, ndipo tinamubatiza dzina lanu, Veronika. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanu womwe. Akafuna bere safunsa kawiri. Ku Chiparamba nsawa zinachita bwino chaka chino, nkhokwe yanu inadzaza mpaka zina tinaika m'matumba. Thonje ndiye ayi, mbozi zinadya ife tikuona. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula ya mu Febuluwale, ndipo sitinalikonzebe. Makina anu osokera ndinabwera nawo kuno ku Fort Jameson. Ndimakhala nawo pakhonde la sitolo ina ku Kapata, ndipo amayi ambiri akamva kulira kwake amaima n'kufunsa ngati ndine mwana wanu.

Tsopano za Damiano. Mukukumbukira zimene munandiuza kuchipatala, mutandigwira dzanja: “Mlongo wakoyu asakwere lole.” Simunawonjezere kanthu, ndipo sindinafunse, chifukwa tonse tikudziwa kuti atate anakwera lole ya ku Halale ine ndili wamng'ono, Damiano ali kumsana, ndipo mpaka lero ndi mtchona. Chiyambire Chitaganya chino malole aja achita kuchuluka. Anyamata a msinkhu wake m'mudzi mwathu atsala owerengeka, ndipo amene abwerako amabwera ndi zipewa ndi nsapato zowala, ena onse n'kumangomeza malovu. Ndinamuuza mawu anu aja akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iye anati nyererezo akazionere yekha.

Chimene chinkamugwira kuno ndi chimodzi chokha, gitala yake ija munkati idzamudyetsa mphepo. Kuholo ya kuno kumakhala dansi Loweruka masana, ndipo woyang'anira bandi ndi a Sakala, bambo wonenepa woliza sakisofoni. Damiano anapita kukayesedwa. Anaimba mpaka zala kutupa, koma ng'oma zitayamba, sakisofoni italowa, anthu atayamba kuponda pansi, gitala ija inangomira. A Sakala anamuuza kuti, “Mnyamata, zala zako ndikuziona, koma sindikumva kanthu. Ukabwere nayo yomveka.” Anabwerera ali ndwii, ndipo sabata yomweyo anakalembetsa dzina kwa a malole. Anati anyamuka Lolemba la kutha kwa mwezi.

Amene anatipulumutsa ndi a Jere, mkulu wokonza mawailesi pafupi ndi msika, amene anaphunzira ntchitoyo ali kunkhondo. Iwo anati m'matauni akuluakulu magitala ayamba kulira ndi magetsi, ndipo chinsinsi chake ndi kanthu kakang'ono kokhala pansi pa nsambo. Anakatchula dzina lachizungu, koma ine ndimangoti khutu, ndipo tsopano onse akuti khutu. Ndikuuzeni mmene limapangidwira, chifukwa inu munkakonda kumasula chinthu kuti muone m'kati. Anadula timatabwa tiwiri topyapyala ta bokosi la tiyi, totalika ngati chala. Anaboola n'kuimikamo misomali yodula, uliwonse pansi pa nsambo yake. Kunsi kwake anamata maginito ochokera m'chipangizo china chakufa. Ndiye kuzungulira misomali ija pamafunika kukulunga waya.

Ndinafunsa kuti nanga misomali imamva bwanji nyimbo. A Jere anati maginito amapatsira misomali mphamvu yake yokoka. Nsambo ndi yachitsulo, ndiye ikamanjenjemera pamwamba pa msomali imavundula mphamvu ija monga umavundulira madzi ndi chala. Waya wokulungidwa uja amamva kuvundukako n'kubala timagetsi tochepa, ndipo wailesi imatikuza n'kutitulutsa ngati mawu. Ndinati ndiye kuti ndikaimba pafupi nalo ndimveka mpaka ku Mwami. Anaseka. Anati khutu limeneli ndi losankha, mawu a munthu silimva, nsambo ya uzingo silimva, limamva chitsulo chokha.

Damiano anayamba kukulunga yekha ndi waya wonenepa wa m'belu la magetsi. Gitala inalira m'wailesi, inde, koma ngati udzudzu uli chipinda china. A Jere anati waya ayenera kukhala woonda kwambiri kuti azungulire kambirimbiri pamalo ochepa. Anapita kugalaja n'kubwera ndi makoyilo awiri akufa a galimoto, timabotolo tachitsulo timene timapereka moto ku injini. Atatsegula imodzi, m'kati munali waya wofiirira, woonda kuposa tsitsi la Veronika. Ndinawapeza amuna awiri aja atakhala pamphasa, thukuta lili kamukamu, wina akukoka wina akukulunga. Azungulira pang'ono, waya phwa. Ayambanso, phwa. Zala zawo ngati zinangwa! Ndinaseka mpaka kukhala pansi, Damiano n'kukwiya. Ndinati kodi bobini ndimakulunga ndi manja ine? Bweretsani kuno zinthu zanuzo.

Amayi, makina anu aja. A Jere anamangirira khutu lija pagudumu la m'mbali ndi kachitsulo kopinda. Ine ndinagwira chogwirira ndi dzanja lamanja, waya n'kumudutsitsa pakati pa zala za kumanzere ndi kansanza kofewa, monga munkachitira ndi ulusi wa silika wa madiresi a ukwati. Gudumu likamazungulira ndinkayendetsa waya uku ndi uku kuti agone mofanana, osaunjikana mbali imodzi. Amuna aja anangoti kukamwa yasa. Atandisiya kupita kukawotcherera zingwe zawo, waya anaduka kamodzi ndili chapakati. Sindinade nkhawa. Ndinamanga kamfundo kanu kaja kosaoneka, kamene ngakhale mkwatibwi sangakapeze, n'kupitiriza. Khutu linatuluka lokongola, lonenepa bwino, ine ndikudzitama mumtima.

Linali Lachinayi. A Sakala anali atavomera kumumvanso Loweruka, ndipo Lolemba lake ndi lija la lole. A Jere ndi Damiano anamangirira khutu pagitala, analumikiza chingwe kumbuyo kwa wailesi, kuja amalumikizako galamafoni, n'kudikira kuti itenthe. Damiano anakhudza nsambo. Zii. Anamenya mwamphamvu. Zii. A Jere anagwedeza zingwe, anasintha apa ndi apo, koma wailesi inangokhala ngati yatikwiyira. Damiano anaika gitala pansi bwinobwino, osaiponya, n'kunena kuti, “Basi achemwali, mwayesetsa. Mundisokere thumba la bulangeti.” Mawu amenewo anandilasa kuposa akanatukwana.

A Jere anandifunsa ngati waya anadukapo. Ndinati kamodzi kokha, koma musadandaule, ndinamanga mfundo yolimba, simungaione n'komwe. Mkulu uja anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka misozi, akumenya ntchafu. Anati waya ameneyu amavala malaya a vanishi thupi lonse kuti asakhudzane ndi mnzake. Mfundo yanga inagwirizanitsa malaya ndi malaya, chitsulo chake osakumana, ndiye magetsi akafika pamenepo amapeza mlatho wathyoka. Ndikanawaitana, akanapala nsonga zonse ziwiri n'kuwotcherera ndi mtovu. Koma tsopano mfundo inali itakwiririka pansi pa waya wochuluka, ndipo kumasula kukanangomuduladula. Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima. Ndani anandiuza kuti waya amavala malaya?

Inatsala koyilo imodzi, ndipo a Jere anati waya wake ngwongokwanira, wosalola kutaya. Lachisanu m'mawa sindinapite kukhonde. Ndinasesa m'nyumba, ndinasamba m'manja ndi sopo kuti thukuta lisagwire waya, ndinathira makina mafuta. Veronika ndinamuyamwitsa mpaka kukhuta n'kumupereka kwa atate ake, amene anayenda naye pabwalo akumuimbira nyimbo za kutchalitchi ndi mawu awo oipa aja. Damiano ndinamuthamangitsa, chifukwa kupuma kwake kokha kunkandisokoneza. A Jere anandichenjeza kuti ndisadzaze mpaka pakamwa. Waya akachepa gitala imalira mowonda, akachulukitsa imalira mokweza koma ngati munthu akuyankhulira mumtsuko. Anajambula kamzere ndi pensulo pathabwa kuti ndikafika apo ndileke.

Ndinayamba pang'onopang'ono, mawu anu ali m'makutu, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukudziwa mmene ulusi umakuuzira pachala kuti watsala pang'ono kuduka, kakulimba kena kamene sungafotokozere munthu? Waya nayenso amatero. Ndikamva choncho ndinkafewetsa zala, gudumu osaliimitsa. Ndinapemphera korona yonse mumtima, ndinayambanso ina. Msana unawawa, dzanja linachita dzanzi, mwana analira panja mkaka n'kuyamba kudontha m'bulauzi, koma sindinacheuke. Dzuwa litafika pamutu waya anakhudza kamzere kaja. Sanaduke, Amayi, ngakhale kamodzi.

Madzulo ake tinasungunula phula lochokera m'ming'oma ya amalume ku Chiparamba, n'kumiza khutu lonse. A Jere anati phula limagwira waya kuti asamanjenjemere yekha, chifukwa akatero wailesi imalira likhweru loboola m'makutu. Litauma analimangirira. Damiano anakhudza nsambo imodzi yokha, ndipo nyumba yonse inadzaza. Nkhuku zinabalalika pakhomo. Mawu ake anali okweza koma ogwedezeka ngati a munthu woledzera, ndipo mtima wanga unatsikanso. Apa Damiano ndiye anazindikira yekha. Anati khutu layandikira kwambiri, maginito akukoka nsambo osailola kuvina. Anachotsa kathabwa kena kamene anali atatsamiritsirapo khutulo pagitala kuti litsike pang'ono. Atakhudzanso, mawu anatuluka oyera, aatali, osafuna kutha. Anandiyang'ana ngati tsiku lija munamugulira kabudula woyamba.

Loweruka tinanyamula wailesi panjinga ya a Jere, titaikulunga m'chitenje ngati wodwala. Ine ndinaima kumbuyo kwa holo, mwana kumsana. A Sakala anayang'ana zingwe zija n'kufunsa ngati sizipha munthu. Ng'oma zinayamba, sakisofoni inalowa, anthu anadzuka. Damiano anadikira, mutu uli pansi, ine n'kumati kodi wagwidwa mantha. Kenako analowa. Amayi, mukanamva! Gitala ija inakwera pamwamba pa ng'oma, pamwamba pa sakisofoni, pamwamba pa nsapato zonse, nsambo iliyonse ikumveka payokha. Amayi ogulitsa zitumbuwa panja anasiya madengu n'kudzadzaza mazenera. A Sakala anaiwala kuuzira, anangoima chitsulo chawo chili pakamwa. Ine ndinalulutira pakati pa anthu ovala mataye, osasamala kuti ndani akundiona.

Nyimbo itatha a Sakala anamugwira paphewa n'kunena kuti Loweruka lililonse malo ndi ake. Tisanatuluke, anyamata ena oimba, wina wochokera ku Kasenengwa, anali atamuzungulira kufunsa kuti khutu lotere aligula kuti. A Jere anati ngati ndi choncho Damiano azibwera kwawo masiku a ntchito, azipanga makutu pamodzi n'kuphunziranso mawailesi, wokulunga akhale ine. Ndinavomera msanga asanasinthe maganizo. Koma za lole ndinamufunsa Damiano m'njira, iye n'kungomwetulira, ndipo mukumudziwa mwana wanu, kumwetulira kwake sikuuza munthu kanthu.

Lolemba ndinadzuka n'kupeza pamphasa pake palibe munthu. Ndinabereka mwana n'kuthamangira kumene malole amakwezera anthu. Kunali khamu. Anyamata akukwera ndi mabulangeti awo, amayi awo akuwapatsira nsawa zokazinga ndi mbatata m'timatumba, akazi ena achichepere atangoima osalira osaseka. Ndinazungulira lole ija ndikuyang'ana nkhope imodzi imodzi, ndinakwera pagudumu kusuzumira amene anakhala pakati, mpaka woyendetsa anandikalipira. Inalira, inanyamuka, fumbi linatiphimba. Mayi wina amene ndinaima naye anakhala pansi mumsewu momwemo. Ndinamugwira dzanja, ndipo ndinalira naye, ndikudziwa kuti misozi yanga ndi yake si imodzi.

Pobwerera ndinadzera kwa a Jere. Ndinamupeza Damiano atakhala pakhomo, akudula misomali ndi sowo, malaya ali mbuu. Atandiona anati, “Achemwali, mwachokera kuti ndi maso ofiira chonchi? Mwabweretsako chakudya? Ndinachoka osadya.” Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumukumbatira, ndipo ndinangopita kukamugulira zitumbuwa.

Sanakwere, Amayi. Lole yapita, iye ali kuno.

Mu Novembala, pa mwezi wokumbukira akufa, tidzabwera kudzalambula pamene munagona. Ndidzabwera ndi Veronika kuti mumuone, ndipo Damiano adzakhala pambali panga atanyamula khasu. Limenelo ndalonjeza.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Rozaliya