Ndinagulitsa Makina Anu, Amayi

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ine ndilipo, ndanenepako pang'ono, ndiye musade nkhawa. Atate nawonso alipo. Bondo lija likuwavutabe, koma sitima ikalira pasiteshoni amayang'ana wotchi n'kudandaula kuti yachedwa, ngati kuti akadali pantchito. Mkazi wa mchimwene wanga Dalitso anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Esinati. Kamwanako kali ndi mapazi aatali. Mukanakaona mukanaseka n'kunena kuti aka kadzatha nsalu. Ku Shimabala chimanga cha kumunsi kwa munda chinachita bwino, chakumtunda chinapsa ndi dzuwa. Feteleza masiku ano aliyense amadzionera yekha.

Ndazungulira mokwanira. Nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi iyi: ndinagulitsa makina anu osokera.

Musanakwiye, ndimvereni kaye. Titakuikani, sipanapite nthawi fakitale ya nsalu inatichotsa ntchito tonse a muofesi. Chimene ndinatuluka nacho ndi nzeru ya kompyuta basi, ija munkati ndimangogogoda ngati nkhuku yojompha chimanga. Pamsika salaula, zovala zakale za m'mabelo zija, wadzaza, palibenso wofuna kusoketsa diresi. Chatsala kwa atelala ndi mayunifolomu a sukulu, chifukwa amenewo sabwera m'mabelo. Ndinaona mmene nsalu imatayikira podula, tizidutswa mbwee pansi, ndiye ndinaganiza zolemba pulogalamu yapakompyuta: telala akandipatsa miyezo ya ana ndi kukula kwa nsalu, iyo imujambulire papepala podula kolala, manja ndi thupi, osataya kanthu.

Koma kompyuta ndinalibe. Katundu wa muofesi ya fakitale atamuika pamalonda, ndinayang'ana m'nyumba monse choti ndigulitse kuti ndigulepo kompyuta imodzi, ndipo chinthu cha mtengo chinali chimodzi chokha: makina anu. Makinawo anagula mnzanu uja, bana Mwansa, amayi ake a Mwansa, amene tsopano akutsogolera gulu la amayi asanu ndi mmodzi osoka kuseri kwa msika. Powanyamula pawilibala, pansi panatsala mabala anayi pamene panali miyendo yake. Ndinakolopa kawiri, sanachoke, ndipo ndinalira.

Atate sanandilankhule masiku atatu. Tsiku lachinayi anaima pakhomo, n'kuyang'ana kompyutayo, n'kunena kuti, "Mashini ya amai ako inali kutidyetsa. Manje iyi wailesi yako yosaimba izatidyetsa chani?"

Kampani yangayo musaiganizire zazikulu. Ndi ineyo, tebulo lanu lodulirapo, kompyuta yofunda chitenje chanu chobiriwira kuopa fumbi, ndi pulinta yolira ngati mbuzi yomangidwa. Magetsi akathima kampani imapita kukatunga madzi. Ndinalemba pulogalamuyo miyezi inayi, ndipo itatha ndinayamba kuyenda mapewa m'mwamba.

Kasitomala wanga woyamba, ndiponso yekhayo, anali bana Mwansa omwewo. Gulu lawo linapeza ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu ina ya kuno, ndipo anavomera kuyesa mapepala anga pa madiresi khumi. Ndinayeza anawo ndekha ndi tepi, mosamala kwambiri. Pulogalamu inapanikiza zidutswa zonse bwinobwino, moti pansalu imene iwo amatulutsapo madiresi asanu ndi atatu, ine ndinatulutsapo khumi. Atawasoka, ana anavala n'kuoneka ngati a pachithunzi. Ndinauza Atate kuti akonzeke kudya nyama.

Loweruka anabwera amayi a anawo. Amayi, ndinali nditaiwala mmene mzimayi wa ku Kafue amagulira yunifolomu! Sayang'ana kunja. Amaitembenuza, n'kutsina mpindiro wa m'munsi ndi zala, n'kutsinanso msoko wa m'mbali. Woyamba anatsina, n'kuibweza patebulo. Wachiwiri chimodzimodzi. Onse khumi anapita chimanjamanja.

Bana Mwansa anandiitana pamaso pa gulu lonse, akuloza mpindiro wa diresi limodzi. "Iwe Misozi, bwela. Gwila apa. Wamvela chani?"

Ndinati palibe.

"Ndiye vamene nikamba. Palibe! Uyu mwana azavala ichi mpaka pa Khisimasi chabe, apo chathina. Amai ake bazagula china na chani? Na mufana wake azavala chani? Iwe wakulila pansi pa tebulo ya ba Esinati, sunaone olo kamodzi?"

Manyazi ake sindidzawaiwala. Nsalu ya amayi osauka inali itadulidwa kale, ndipo makina anu anali pomwepo pakona, akundiyang'ana. Ndinadziona kuti ndagulitsa chimene chinatilera kuti ndigule chowonongera anthu nsalu. Bana Mwansa anati andipatsa milungu iwiri chifukwa cha inu, osati chifukwa cha ine, ndipo ndikalepheranso abwerera ku choko ndi maso awo.

Ndinawafunsa kuti ndiwonjezere mainchesi angati. Amayi a gululo anayang'anana. Wina anati zala zitatu, wina anati zinayi, wina anati zimadalira mwana. Bana Mwansa anangoti, "Mwamene banali kuchitila amai ako." Koma inu simunalembe chilichonse. Kabuku munalibe, ndipo tepi munkangoikoloweka m'khosi kuti makasitomala akulemekezeni.

Ndiye ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, ku Kafue Estates mpaka kutsidya kwa njanji, kufunsa ngati alipo amene akusungabe yunifolomu yosokedwa ndi inu. Ndinkaganiza kuti ndipeza ziwiri kapena zitatu. Amayi, zovala zanu zikadali pasukulu! Ndinapeza diresi likuvalidwa ndi mwana wachitatu wa nyumba imodzi, kolala yokha ndi imene anasintha. Ndinapeza kabudula amene mwini wake woyamba tsopano ndi kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka. Paliponse ndinkatembenuza chovalacho, kuyeza nsalu imene munabisa mkati, ndi kufunsa kuti mwanayo anali wotani pomusokera.

Apa ndi pamene ndinakudziwani bwino, ine mwana wanu amene ndinkayesa kuti ndine wophunzira m'nyumba muno. Simunkawonjezera mofanana. Mwana woyamba kubadwa, wokhala ndi azing'ono ake pambuyo, munkamupindira kawiri ndi kubwereza msoko. Mtsikana woyandikira kutha msinkhu munkamubisira nsalu m'mbali mwa chifuwa, kuti amayi ake adzangomasula mwakachetechete iye asanayambe kuyenda atapinda mapewa. Ndipo mwana wa mapazi aakulu munkamusiyira yambiri m'munsi. Ndinakumbuka mmene munkanenera mwana akangolowa: "Vula nsapato, imirira bwino, usakoke mimba." Ine ndinkayesa mukuteteza pansi pokolopa. Kani munkaona kumapazi kuti mwanayu adzatalika kufika pati.

Mayi wina anandiuza kuti chaka chimene amuna awo anachotsedwa ntchito, munasokera mwana wawo diresi la mpindiro waukulu kuposa onse, osawonjezera mtengo, n'kungowauza kuti nsalu inatsala. Sinatsale, Amayi. Ndayeza, ndipo ndikudziwa kuti munaichotsa pa phindu lanu.

Ndinabwerera pakompyuta n'kuphwasula zimene ndinkanyadira zija. Tsopano pulogalamu isanajambule kanthu imafunsa mafunso anu: mwanayu ali giredi yanji, ali ndi azing'ono ake angati, amavala nsapato yanji. Pansalu ija imatulutsa madiresi asanu ndi anayi, osati khumi, koma lililonse lili ndi pokulira. Limodzi lowonjezeralo likuchokera pa tizidutswa tija tinkatayika pansi, osati pa mwana.

Diresi loyamba analisoka bana Mwansa okha, pa makina anu. Ndinamva kulira kwake ndili panja ndipo ndinawazindikira, amagundabe pang'ono chopondera chikafika pansi. Atamaliza analitembenuza, n'kutsina m'munsi, n'kutsina m'mbali. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Aba ni ba Esinati aba." Loweruka lotsatira amayi aja anatsina n'kunyamula. Madiresi khumi olakwika aja tinawasandutsa a ana a giredi yoyamba, ndipo mpindiro unapezeka wokwanira.

Sindinalemere ayi, musamve zabodza kumeneko. Makasitomala ndili nawo atatu, wina ndi telala wa ku Chilanga amene amabwera ndi miyezo yolemba pa katoni. Atate nyama anadya kamodzi. Koma dzana ndinawapeza akupukuta fumbi pakompyuta ndi mpango wawo, ndipo atandiona anayamba kukalipa kuti ndimaisiya poyera.

Chatsala chimodzi choti ndikuuzeni. Nditatha kuyeza zovala za ana a eni, ndinakumbuka kuti yunifolomu yanga ili m'sutikesi yanu, ija ya giredi seveni. Ndinaitulutsa n'kuitembenuza. Pali mizere iwiri yofwifwa pamene munatsitsa mpindiro chaka ndi chaka. Nditatsina m'munsi ndinapeza kuti mkati mukadali nsalu, zala zanu zinayi zathunthu, yopindidwa bwino, yosamasulidwa. Ine ndinalibe mng'ono woti adzavale, ndipo sukulu ya pulayimale ndinali kumaliza. Munangondisiyira, kuti mwina ndikulabe. Ndinakhala pansi pomwe panali makina anu, diresi lili pamiyendo, mpaka Atate anabwera kudzafunsa ngati ndadwala.

Sindinaimasule, ndipo sindidzaimasula. Ndikulonjeza kuti Esinati wamng'ono akadzafika poyamba sukulu, ndidzamutengera kwa bana Mwansa, adzavule nsapato, ndipo yunifolomu yake idzasokedwa pa makina anu. Za makinawo mundikhululukire. Akugwira ntchito, ndipo amawathira mafuta Lolemba lililonse monga munkachitira.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wa mapazi aakulu,
Misozi