Nkhoswe Mmodzi, Mipando Iwiri

Lolemba, 13 Januwale

Buku lachikondi lija ndafika pakati. Mayi wophika buledi ndi dokotala wa ng'ombe uja sanagwiranebe ngakhale chala. Lero bamboyo wakonza chitseko cha shopu, kenako wapita kwawo. Ine mtima phaphapha ngati chitsekocho ndi changa. Mabuku otere ndimawakonda chifukwa sathamangitsa munthu. Tauni ya msewu umodzi, aliyense akuona kuti awiriwa akufunana, eni ake okha ndiwo osadziwa.

Medson wa ku Ntcheu, woyeza magazi kuchipatala uja, analipo pa siteji ya basi. "Kwazizira lero, achemwali." Ndati eya. Chaka chachiwiri chino tikukambirana zanyengo. Ndimamufuna, ndipo sindikufulumira.

Lachitatu, 15 Januwale

Pakamwa panga! Kuntchito, kunyumba ya okalamba, ndafotokozera Anti Mathilda za bukulo, dzina la Medson n'kupulumuka. Akuti: "Zelipa, imeneyo si love, ndi waiting list." Afunsa kuti m'bukumo ankhoswe ali kuti. Ndati mulibe. "N'chifukwa chake lanenepa chonchi."

Loweruka, 18 Januwale

Toronto ndi mzinda waukulu, koma Amalawi tili m'menemu ndi kamudzi ka msewu umodzi. Pa gulu la WhatsApp anthu ayamba kale kufunsa mtundu wa chitenje. Amalume anga ali ku Dedza, foni yawo imagwira akakwera pachulu. Amalume a M. akuti anamwalira. Ndiye Anti asankha a Bester, mkulu wa kutchalitchi kwathu, akhale nkhoswe. Wakuchikazi ndi iwo, wakuchimuna ndi iwonso. Akuti ku Canada kuno amalume ndi osowa.

Lamulungu, 19 Januwale

Tikuweruka kutchalitchi anandikokera kufulati kwa Anti ku North York. Mipando iwiri moyang'anizana. A Bester anakhala pa woyamba, manja m'khosi: "Pepani, taona mbeta pakhomo pano." Anadzuka, kuvala chipewa, kukhala pa wachiwiri: "Mwachedwa kuti nthawi yonseyi?" Anakangana okhaokha mpaka wakuchikazi anakwiya n'kutuluka pakhonde osavala jekete. Wakuchimuna anatsatira kukapepesa.

Anti anali atagula kale nkhuku ziwiri zootcha za m'sitolo, akuti tiyeserere chinkhoswe. Palibe anadziwa kuti tambala ndi uti, thadzi ndi liti. Anabaya foloko pa imodzi, ikhale tambala.

M. kunalibe. Palibe anamuuza.

Ndinaseka nawo, kenako ndinakalira kubafa. Ndikuopa. M. ndi munthu waulemu. Akamva kuti akuluakulu agwirizana angovomera, ndipo ine sindidzadziwa mpaka kalekale ngati ankandifuna yekha. Apo ayi ayamba kukwera basi ina.

Lachiwiri, 21 Januwale

M. pa siteji kulibe.

Lachitatu, 22 Januwale

Kulibenso. Buku lili m'chikwama, sindikulitsegula. Dokotala wa ng'ombe uja azikonza zitseko zake yekha.

Lachinayi, 23 Januwale

Kani a Bester anapita kwa M. Lolemba kukamudziwitsa kuti akukwatira. Ndawaimbira. "Akuchimuna akuganizabe, mwanangu." Ndafunsa kuti akuganizawo ndi iwo kapena Medson. Akuti onse awiri. Akutinso akuchikazi ayamba kutaya mtima. Ndati akuchikaziwo ndine, abambo. Akuti ayi, ndisalowerere nkhani za akuluakulu.

Anti akuti ndi-relaxe, holo abuka kale ya mu Juni. Sindinawayankhule tsiku lonse.

Lachisanu, 24 Januwale

Analipo. Chisanu chake chouma nacho mamina m'mphuno, koma iye duu, osatchula zanyengo. Mpaka ndinayamba ndine: "Kwazizira lero."

"A Bester anabwera kwathu," anatero. "Onse awiri. Anamwa tiyi kawiri."

Ndinafuna kuseka, koma anapitiriza. "Ndawauza kuti asiye. Ine sindinatume munthu."

Ndati chabwino, pepani kwambiri. Basi inafika, ndinaponda pakhomo.

"Zelipa. Isiyeni ipite imeneyi."

Sindimadziwa n'komwe kuti dzina langa amalidziwa. Ndinabweza mwendo. Dalaivala anatiyang'ana ngati amisala, n'kutseka chitseko.

Tinaima. Iye akuyang'ana nsapato zake, ine ndikuyang'ananso nsapato zake zomwezo. Basi ina inafika, n'kupita.

"Ndina-plana kufunsa kukafunda, mu Meyi," anatero. "Andisokonezera schedule yonse." Anavula golovesi, n'kuivalanso. "Koma ndikufunsa ndekha. Mawa muli off?"

Ndati eya.

Mawa ndili pa shifiti ya m'mawa. Alowa m'malo mwanga ndi Anti Mathilda, kungoti sindinawauzebe.