Foni Inandipeza pa Mtsinje wa Ng'ona

Lamulungu, 14 Malichi 2021. Perth.

Kutentha kudakalipo. Kutchalitchi sindinapite, msana. Sabata yonse kusenza makatoni kumalo osungira katundu ku Welshpool. Chaka chatha chitsikireni m'sitima.

Masana foni: a Maclean, kaputeni wathu. Akuti maulendo a ku Kimberley ayambiranso mwezi wamawa. Anthu a kuno saloledwa kutuluka m'dziko chifukwa cha mliriwu, ndiye aliyense akufuna kupita kumpoto kukaona ng'ona. "Kaboti kako kakukudikira, Dunstan." Ndavomera asanamalize n'komwe.

Ndamuuza mkazi wanga Tusekile. Akuti, "Ndiye netiweki basi?" Sakunama. Kumeneko foni imafa masiku ambiri.

Anapita kwawo ku Karonga Febuluwale chaka chatha kukadwazika mayi ake, ali ndi pakati. Tinkati mwezi umodzi. Malire anatsekedwa. Amayi anachira, mwana anabadwira komweko, ine ndili kuno. Lusubilo. Ndimamudziwira pagalasi la foni. Lero wanyambita kamera, ndaona mano awiri.

Lachinayi, 1 Epulo

Pempho loti Tuse ndi mwana aloledwe kulowa lakanidwanso. Mawu omwewo a ulendo watha, ngakhale dzina lathu sanalilembe bwino.

Ndinati kaya ndingopita. A Kenani, eni nyumba muno, mkulu wa mpingo, nesi ku Midland, anandikhazika pansi. "Achimwene, viza yanuyi ndi yotulukira yokha. Mukadutsa pageti paja simubwereranso." Tuse naye chimodzimodzi: khalani, tidya chiyani tonse tikaunjikana kuno? Mankhwala a amayi ndi ine. Fizi ya Felesta, mlongo wanga, ndi ine. Lendi ya muno.

Ndagulira Lusu kajuzi ku Joondalup. Kutumiza kwake ndiye sindikudziwa. Kali m'sutikesi.

Lachitatu, 21 Epulo. M'sitima.

Tinanyamuka ku Broome Lolemba. Sitima yathu yaing'ono, alendo ochepa oti pofika mawa ndikhala nditawadziwa mayina onse. Ambiri okalamba, zipewa zazikulu, makamera olemera kuposa mwana.

Ndaugwiranso mpini wa injini. Dzanja silinaiwale. Pepani Ambuye, koma lero ndasangalala.

Sitima imaima kukamwa kwa mtsinje, ine n'kutenga alendo m'kaboti kulowa nawo m'kati. Matanthwe ofiira mbali zonse, aatali ngati akugwera. Mitengo yomera m'madzi amchere, mizu pamtunda. Madzi akuno sakhazikika: m'mawa adzadza mpaka m'masamba, masana aphwa, patsala matope okhaokha. Ukachedwa ugona pomwepo. Ku Liwonde komwe ndinaphunzirira boti, Shire ankangoyenda ulendo wake umodzi. Mvuu kuno kulibe. Khutu limadikirabe kumva kufwenthera kwake.

Loweruka, 15 Meyi

Ng'ona yaikulu pamatope, kukamwa yasaa. Kutalika kuposa kaboti. Ndinazimitsa injini, tinangoyandama. Aliyense kupuma mobisa. Inatsetserekera m'madzi osachita phokoso ngakhale pang'ono, n'kutulukira kumbuyo kwathu, maso okha.

Pobwerera mayi wina wachikulire anakhala pafupi nane. Kufunsa ngati ndili ndi ana. Ndinamuonetsa chithunzi. Naye anatulutsa chake: mdzukulu, ali ku England, sanamunyamulepo. Tinakhala choncho, aliyense ndi foni ya mnzake m'manja, wina akukuwa kuti taonani chiwombankhanga. Sitinayang'ane.

Chakudya chabwino, malipiro abwino, tulo tochepa. Ndikafika padoko ndimatumiza kumudzi zonse, kusiya ya lendi.

Lachiwiri, 29 Juni. Perth.

Tchuthi cha sabata. Ndangofika, mzinda watsekedwa, aliyense m'nyumba mwake. Mvula, kuzizira. Bola netiweki ilipo tsiku lonse.

Lusu wayamba kuimirira atagwira mpando. Amati "ta-ta" kwa aliyense, ngakhale kwa nkhuku. Tuse akuti ndisadzitame.

Koma mwanayo thupi latentha kuyambira dzulo. Kuchipatala akuti malungo. Amupatsa mankhwala. Wangogona pamiyendo pa mayi ake, maso mwatheka. Ndinamuimbira kanyimbo, sanatembenuke.

Loweruka, 3 Julaye

Wayamba kudya phala. Waseka kamodzi.

Ndinati mwina ndisapite ulendo uno. Tuse akuti, "Pitani, bambo a Lusu, wachira uyu. Mukakhala kumeneko mumuchiza ndi maso?" Anaseka. Ndinasekanso.

Nambala ya foni ya m'sitima, ija yodzera pa setilaiti, ndawasiyira a Kenani. Ndege ya ku Broome mawa m'mawa. Pa 27 akwanitsa chaka. Ndidzakhala nditafika padoko, tidzadula keke pa vidiyo.

Lachiwiri, 13 Julaye

Ndinali m'kati mwa mtsinje ndi alendo, pansi pa mathithi. Wailesi ya m'boti: bwerera msanga. Ndinaganiza za madzi, kuti mwina ndawerenga molakwa nthawi yophwa.

A Maclean anali chilili pamakwerero, chipewa m'manja. Anandilowetsa m'chipinda chawo, kundipatsa foni, iwo n'kutuluka.

Mawu a a Kenani. "Achimwene, khalani pansi."

Lamulungu. Lusu thupi linatenthanso, magazi anatha, anatisiya. Anamuika dzulo.

Dzulo ine ndinali kuonetsa anthu akamba.

Lachinayi, 15 Julaye

A Maclean akuti aitanitse kandege kotera pamadzi kadzanditenge, kampani ilipira. Ndinawafunsa kuti kanditengere kuti. Ku Broome? Ku Perth? Manda ali ku Karonga, atsekedwa kale.

Ndayesa kuimbira Tuse pa foni ya m'sitima. Wayankha Lamson, mchimwene wake. Akuti sakuyankhula ndi aliyense. Kumbuyo kwake ndimamva azimayi akuimba.

Ndapempha kuti ndigwire ntchito. Kukhala m'kachipinda kaja ndiye ayi.

Loweruka, 17 Julaye

Anangumi afika, ino ndiyo nyengo yawo yoberekera kuno. Wina anatulukira pafupi ndi kaboti, msana ngati denga la nyumba, kamwana m'mbali. Ndinazimitsa injini monga mwa lamulo. Kamwanako kakupuma, mayi akukakankhira m'mwamba ndi mphuno. Alendo kuwomba m'manja, wina kulira ndi chisangalalo.

Atapita, ndinalephera kuliza injini. Injini inalibe vuto. Manja. Bambo wina wa ku Albany, mlimi, anadzuka mwakachetechete n'kukoka chingwe. Sanafunse kanthu. Ndiye kuti onse akudziwa.

Madzulo sindinadye.

Lachinayi, 22 Julaye. Broome.

Tikuyandikira doko foni inadzuka m'thumba. Kunjenjemera osaleka. Mauthenga a mawu a Tuse, ondondozana monga anawatumizira.

"Watenthanso, koma musadandaule."

"Akukana bere."

"Tili pa njinga yamoto, tikupita kuchipatala."

"Akuti magazi achepa. Akufufuza. Anthu ndi ambiri kuno, bambo a Lusu, matenda aja adzadza paliponse."

"Mukapeza netiweki imbani."

"Imbani."

Wotsiriza ndi wautali. Sindinautsegule. Ndakhala pabwalo la ndege chala chili pamwamba pake mpaka atiitana.

Lamulungu, 25 Julaye. Perth.

Amalawi anabwera kwa a Kenani titatuluka m'tchalitchi. Maliro opanda bokosi. Mipando anaitulutsa, azimayi pansi pakapeti ndi zitenje, azibambo m'galaja. Ena ndi mayunifolomu, kuchokera kushifiti, ena kuthamangira kushifiti. Nyimbo zathu zomwe zija. Mayi Rosebell, akazi a a Kenani, anaika chithunzi cha Lusu patebulo, chosindikiza kuchokera pa foni, chosaoneka bwino.

Aliyense: pepani, pepani, limbani mtima. Abusa anafunsa ngati ndinganenepo mawu okhudza mwanayo. Ndinaimirira. Ndinene chiyani? Kulemera kwake sindikudziwa. Fungo la mutu wake sindikudziwa. Ndinati ankakonda nkhuku. Ndinakhala pansi.

Chipepeso anasonkha. Ndatumiza kwa Lamson, alipire bokosi lomwe anatenga pangongole.

Lachiwiri, 27 Julaye

Lero.

Sindinatuluke m'chipinda. Mayi Rosebell anasiya tiyi pakhomo, ndinamupeza atazizira.

Lolemba, 9 Ogasiti

Ndabwerera ku Welshpool, makatoni. Kusitima ndinapempha kupuma. Bwana wa pano sanafunse chifukwa chomwe ndabwerera msanga, ndipo ndamuthokoza mumtima.

Tuse sakuyankhabe. Ndimalemba m'mawa uliwonse, zimaonetsa kuti wawerenga. Lamson akuti amadzuka, amasesa, amapita kumanda, amabwerako. Waonda. Mkaka unavuta kuuma.

Ndinautsegula uthenga uja pa nthawi ya nkhomaliro, nditakhala kuseri kwa kontena. Sayankhula. Akungopuma, ndipo patali mwana wa munthu wina akulira. Kumapeto akuti, "Ndamufunditsa." Basi.

Ndinabwerera kukasenza. Folokolifiti, galimoto yonyamulira katundu ija, inatsala pang'ono kundiponda, woyendetsa anatukwana. Anali ndi chifukwa.

Lachitatu, 18 Ogasiti

Tuse wayimba yekha. Mawu ake ngati a munthu wina.

Ndinayamba kunena za pempho latsopano, kuti a Kenani akudziwa loya, kuti mwina tsopano poti ali yekha. Ndinazimva ndekha mmene zatulukira. Anandidula.

"Ngakhale atsegule mawa, ine kumeneko sindibwera. Ndimusiyire ndani?"

Ndinati nanga ife? Akuti, "Sindikukuimbani mlandu. Ndinakuuzani ndine kuti pitani. Koma ndikatseka maso nkhope yanu siibwera, imabwera foni."

Mayunitsi anamuthera kapena anadula, sindikudziwa.

Lamulungu, 22 Ogasiti

A Maclean ayimba. Kwatsala maulendo angapo nyengo isanathe, ndipo chaka chamawa akufuna kundikweza, kampani indithandize mapepala okhalitsa. Chinthu chomwe tinabwerera kuno. Chomwe tinagulitsira puloti ya ku Area 25.

A Kenani akuti ganizani mofatsa, chisoni chimatha koma mwayi uwu subwera kawiri. Apongozi nawo, kudzera mwa Lamson: asabwere, adzadya chiyani, alendo ku Liwonde kulibe, maboti ali pamtunda. Felesta wangonditumizira zotsatira za mayeso ake. Wakhoza bwino. Ndamva.

Onse akunena zoona. Ndiye chikundipweteka n'chimenecho.

Ndinakwera sitima ya pamtunda mpaka kumapeto, n'kubwerera osatsika.

Lachisanu, 3 Seputembala

Ndagula. Tikiti yopita yokha, kudzera ku Doha ndi Addis. Ndege n'zochepa, mtengo wake wameza zonse za nyengo ino. Kwatsala zoyezetsa matenda ndi basi ya ku Karonga. Fizi ya Felesta teremu ikubwerayi sindikudziwa. Sindinamuuze.

Ndawaimbira a Maclean. Akuti kaboti adzakapatsa wina koma winayo sadzakakonda. A Kenani sanatsutsenso. Angoti adzandiperekeza ku eyapoti, asinthana shifiti ndi mnzawo. Lendi ya mwezi uno akana kulandira.

Kulongedza. Zaka zonsezi, masutikesi awiri. Mayunifolomu a Tuse a kukoleji ndawapatsa mayi Rosebell, apatse wina. Kajuzi kaja ndakapeza pansi. Sindinathe kukapereka, sindinathe kukataya. Ndakabwezera momwemo.

Tuse ndamulembera tsiku lofika. Wawerenga. Sanayankhe.

Mwina ndikupita kwa munthu amene sakundifunanso. Mwina ndataya zonse ziwiri.

Lachiwiri, 7 Seputembala

Ndege madzulo ano. Zotsatira zabwera, ndilibe matenda.

Masana, ndikumanga zingwe za sutikesi, foni. Vidiyo. Tuse, koyamba kumuona nkhope chichitikireni. Mpango wakuda, masaya alowa. Kwawo kunali kukadali m'mawa. Amayenda, chithunzi chikugwedezeka: chinangwa, njira ya fumbi, mbuzi ya wina. Ndinazindikira komwe akupita: kumanda.

Anaima. Akuti, "Tafika. Ndimati mumuone kaye, musadzadzidzimuke. Ndi kakang'ono."

Anayamba kutembenuza foni. Ndinati ayi, Tuse, usatero. Pagalasi ayi. Ndidzabwera ndi miyendo, udzandilondolere wekha.

Netiweki inadukaduka, nkhope yake kuuma, kubwerera. Kenako akuti, "Basi ya ku Lilongwe imafika kukada. Ndidzakhala pa depoti."

A Kenani aliza hutala panja.