Mivi isanu ndi iwiri pa miyala ya a Dokotala

Lolemba, 3 Malichi
Miyala ya a Dokotala, katswiri wa miyala amene ndimawagwirira ntchito, yafika, makumi anayi, yobowola kuphiri, uliwonse ngati batire la tochi. Pa uliwonse anajambula muvi wa inki wosonyeza kumpoto. Akuti mwala ukamazizira umasunga mbali yomwe maginito a dziko ankaloza, ndiye popanda muviwo sungadziwe pomwe kontinenti yathu inali kale, makontinenti onse akadali ogundana. Ine yanga n'kudula basi. Phirilo a kwale aliphwanya kale, kulibe kokatenga ina.

Lachiwiri, 4 Malichi
Madzi oziziritsa sowo yodulira miyala afufuta mivi isanu ndi iwiri. Ndimayenera kuikanda ndi msomali ndisanadule, ndinaiwala. Ndajambulanso mongoganizira.

Lachisanu, 7 Malichi
Palibe wafunsa. Sowo yabuntha.

Lachitatu, 12 Malichi
A Dokotala atuluka m'chipinda choyezera akuseka okha. Miyala isanu ndi iwiri ija ikuti kale tinali kufupi ndi madzi oundana a kummwera, kutali ndi pomwe mabuku amatiika. "Achimwene, mabuku onse alembedwanso!" Mpaka kundigwira chanza.

Kontinenti yathunthu ndaisuntha ndi cholembera, ine amene kabati yakunyumba imandikanika.

Lachinayi, 13 Malichi
Ndawauza mayi a ana akusita. Sanatukule mutu. "Miyala siyankhula. Inu mukayankhula, ntchito yatha, ana adya chiyani?" Akunena zoona.

Lolemba, 17 Malichi
Msonkhano waukulu ndi Lachisanu. A Dokotala ayeserera zokamba zawo pamaso pa ine ndi mayi okolopa. Mapu okongola, makontinenti akutsetsereka pakhoma mpaka kukumana. Akuti kukabwera akatswiri amene akhala akuwaderera zaka khumi. Patsamba lomaliza pali dzina langa, pa anthu owathokoza. Mayi okolopa anaomba m'manja. Ine manyazi anandigwira.

Lachiwiri, 18 Malichi
M'mawa ndandandalika miyala isanu ndi iwiri patebulo pawo, ndanena zonse ndili chilili. Sanakalipe. Anatola umodziumodzi, kuutembenuza, kuubweza.

"Ndinaona sabata yatha," anatero. "Mivi yanga siiwongoka chonchi."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandifunse.

"Ndinkaopa mungandiyankhe."

Anatseka kompyuta, n'kundikokera mpando.