Nkhoswe ku Munda wa Mphesa wa Mayi Hartill

Loweruka, 7 Okutobala 1995

Basi ya mmamawa kuchokera ku Dudley, kenaka mtunda umodzi wapansi. Bondo lakumanzere likudandaula. Mame ambiri.

Tayamba kukolola mphesa zakuda za Mayi Lena Hartill. Mizere khumi ndi inayi yokha, kumtunda kumene dzuwa limachedwa kuchokako. Chaka chino kunatentha ngati ku Liwonde, motero zapsa bwino koyamba chiyambire ine kudzathandiza kuno zaka zitatu zapitazo. Zaka zinazo tinkakolola zowawasa, mvula ili pamsana.

Mayiwa anandiona nditavala tayi m'kati mwa jasi. Anati, "Bambo Chikhadwe, mphesazi sizinakusumireni kukhoti." Anaseka mpaka kugwirira mzati. Ndinamasulira milandu m'khoti ku Zomba zaka khumi ndi zisanu osasowa liwu ndi tsiku limodzi lomwe. Pamaso pa mayi wamasiye wa imvi, wovala majombo amatope, mawu amandithawa.

Ndilembe pano kuti ndisadzadzikane: ndikufuna kuwafunsira ukwati. Mkazi wanga Rabecca anatisiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Sindikhulupirira kuti angandiimbe mlandu.

Lachitatu, 11 Okutobala

Tsiku lonse m'shedi, awiri okha. Mphesa zayamba kuwira m'migolo. Makoko amayandama pamwamba, ndipo ayenera kukankhidwira pansi ndi mpini kawiri pa tsiku, apo ayi vinyo satenga mtundu. Manja anga afiira mpaka m'zigongono.

Masana anandilawitsa vinyo wofiira wa chaka chatha. Wopepuka, munthu atha kuona chala chake kuseri kwa galasi. Fungo la mabulosi a kuseri kwa nyumba yathu ya ku Zomba, aja ankadetsa malaya a mwana wanga Anastasia ali wamng'ono. Kenaka kuwawasa pang'ono, kumene kumatsalira pa lilime munthu atameza kale.

Anati ogulitsa a ku Birmingham amawaseka, ati dziko lozizira lino vinyo wofiira ndi maloto a munthu wamisala. Anandifunsa maganizo anga. Ndinati ndi chakumwa chaulemu wake. Anati, "Ulemu, ulemu! Mwamukonda kapena simunamukonde?" Ndinati palibe chomuneneza.

Ntchito yanga yeniyeni ndi kulemba mapepala omata pa mabotolo, ndi cholembera cha inki, chifukwa amati dzanja longa langa silipezekanso. Dzanja la ku mishoni, lophunzitsidwa ndi rula. Atsala mapepala zana limodzi ndi makumi awiri. Akatha amenewa, chifukwa chobwerera kuno ndilibe mpaka nthawi yodulira mipesa mu Febuluwale. Ndikulemba mochedwa dala. Mulungu andikhululukire.

Lamulungu, 15 Okutobala

Titatuluka m'tchalitchi ndinapatula a Ackson Likaka, mnzanga wa ku Mulanje amene anayendetsa mabasi kuno mpaka kupuma. Ndinawapempha kuti akhale nkhoswe yanga. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti anyamule tchalitchicho pamutu.

Anati, "Achimwene, azungu safunsira choncho. Ingowatengerani ku dinner, munene nokha."

Ndinakana. Amanena yekha ndi mnyamata wa pa siteji ya basi. Mkazi wolemekezeka ali ndi eni ake, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wake. Kulumpha mlongoyo ndiko kunena kuti mkaziyo ndi wotola panjira. Mayiwa ali ndi mlongo mmodzi ku Stourbridge, wogulitsa magalimoto. Ndinamuona kamodzi, sanatsike n'komwe m'galimoto mwake chifukwa cha matope.

A Ackson avomera monyinyirika. Ndawabwereka jekete langa lakuda.

Lachisanu, 20 Okutobala

Apita, abwerako. Ati analandiridwa bwino, ndi tiyi ndi mabisiketi. Mlongoyo poyamba sanamvetse, kenaka anawomba m'manja. Ati ananena kuti imeneyi ndiyo nkhani yabwino: tsopano mlongo wake atsika kuphiri kuja, agulitse mundawo, akakhale m'tauni monga anthu.

Ndinafunsa ngati anawongola mawuwo. A Ackson anati, "Ine munandituma kukapempha, osati kukatsutsana ndi apongozi."

Sindinadye. Za kugulitsa munda ine sindinalotepo.

Loweruka, 21 Okutobala

Ndinapita kumunda ndithu. Pachipata galu yekha.

Mayi Hartill ndinawapeza akutsuka chofinyira mphesa ndi paipi. Sanatseke madziwo. Mawu awo ndikuwalemba monga ndinawamvera, pakuti kumasulira molondola ndiyo ntchito imene ndimaidziwa.

"Zaka khumi mlongo wanga akundikakamiza kugulitsa munda uno. Mpesa uliwonse pano tinadzala ndi manja, ine ndi malemu mwamuna wanga. Dzulo wandiimbira foni akuseka, ati wapezeka wondichotsa pano, ndipo iye wavomereza kale. Wavomereza iye! Inu munali nane tsiku lonse m'shedi muno. Pakamwa panu munali mutasiya ku Dudley?"

Ndinayamba kufotokoza za mwambo wathu. Ndinafotokoza bwino, mwandondomeko, kuyambira pa udindo wa mlongo. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi bokosi la mapepala otsala ndi botolo la inki. Anati ndikamalizire kwathu, ndidzatumize pa positi.

Basi inachedwa ndi ola lathunthu. Mphepo.

Lachinayi, 2 Novembala

Masiku khumi ndi awiri osatsegula buku lino.

Mapepala ndinamaliza Lolemba. Ali pa thebulo, omangidwa ndi ulusi. Ku positi ndapitako kawiri, ndi kubwera nawo kawiri konse.

Mmawa uliwonse ndimadzuka ndikuganiza za migolo ija. Kaya vinyo watsanulidwa kale, kaya akuwanyamulira ndowa ndani, pakuti phewa lawo lakumanja silili bwino. Usiku wa Lachiwiri kunagwa chisanu. Masamba a mipesa ayenera kuti ayoyoka onse.

Kwathu mkazi wotumiridwa nkhoswe yovala jekete amayenda mutu uli m'mwamba mwezi wathunthu. Kuno ndanyoza munthu ndi ulemu womwewo. Zaka makumi awiri ndi chimodzi m'dziko lino, ndipo ndikadali mlendo wofika dzulo.

Anastasia anabwera dzulo kuchokera ku chipatala chimene amagwirako ntchito ku Walsgrave, atamva kwa akazi awo a Ackson. Sanavule n'komwe chikhoti. Anati, "Dad, munatuma Uncle Ackson kukapropoza? Kwa brother wake? Mu 1995?" Anaseka mpaka misozi, ine ndili chilili. Atatha kuseka anandikonzera tiyi, nati, "Amami ankanena kuti inu munawazungulira zaka ziwiri mukuwafunsa za nyengo. Ankati akanapanda kuuza okha agogo kuti akufulumizitseni, ine sindikanabadwa."

Zimenezi Rabecca sanandiuzepo. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati. Ndinkayesa kuti zonse ndinayendetsa ndine.

Ndalemba kalata yopepesa katatu. Yachitatuyo ndi yabwino kwambiri, ndime zinayi, yopanda chofufuta. Anastasia anaiwerenga nati ikumveka ngati ya ku khonsolo.

Loweruka, 4 Novembala

Kalata ndinaisiya. Ndinatenga mapepala okha.

Ndinawapeza m'shedi akutsanula vinyo watsopano kumuchotsa pa nsenga zake zapansi. Wakuda kuposa wa chaka chatha. Sanandipatse moni, koma anandipatsa paipi kuti ndigwire. Ndinagwira. Mgolo unadzaza, wachiwirinso unadzaza.

Pa wachitatu ndinayankhula. Sindinganene kuti ndinayankhula mwadongosolo. Ndinati ndinalakwa kupita kwa mlongo wawo. Ndinati masiku a pakati pa Loweruka ndi Loweruka amanditalikira. Ndinati vinyo uja ndinamukonda. Zina sindikuzikumbuka, koma liwu loti ukwati linatuluka, ndipo linatuluka pakamwa panga.

Anati, "Munda sindigulitsa. Ku Dudley sindisamukirako."

Ndinati zimenezo sindinapemphe, ndipo sindidzapempha.

Anatseka mpopi wa mgolo, napukuta manja pa epuloni nthawi yaitali. Inde sananene. Ayi sananenenso. Anati, "Mubwere Loweruka mudzanenenso. Lero ndamva theka lokha, chifukwa nthawi yonseyi mumauza mgolowo."

Masiku asanu ndi awiri. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi, ndipo sindidziwa kuti munthu amayang'ana pati ponena zoterezi. M'maso mwenimweni?